Ulemu Upite kwa a Chigubu, Mlonda wa Minofu

Anthu akamatchula zimene boma la Neno linganyadire, amathamangira manachesi, mbatata ya kachewere ya kwa Dambe ndi malambe a ku Lisungwi. Ena amawonjezapo magetsi a ku Nkula, ngakhale ambirife timangoona nthambo zake zikudutsa pamwamba pa madenga athu. Palibe amene amakumbukira chigubu. Ndikunena chachikasu chija cha malita 20, chimene chinabwera kuno chitanyamula mafuta ophikira, mafutawo atatha icho n'kukana kupuma pa ntchito. M'boma lonse lino, kuchokera ku Zalewa mpaka ku Nsambe, mulibe katswiri wa zolimbitsa thupi wochiposa, ndipo salipiritsa ngakhale tambala.

Tiyambe ndi kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho chigubu chodzadza chimalemera makilogalamu 20. Ndodo yachitsulo imene amuna amanyamula pa mpikisano wa Olympic, asanaikeko mbale zake m'mbalimu, imalemeranso makilogalamu 20 ndendende. Ya akazi ndi 15 yokha. Ndiye kuti mtsikana wa ku Chifunga amene akuchokera ku mjigo m'mawa uno wapitirira kale muyezo wa akatswiri a dziko lonse, wopanda nsapato, wopanda womuombera m'manja, mwana wa mlamu wake ali kumsana. Pa mpikisano wa World's Strongest Man, umene unayamba mu 1977, zimphona zimayenda zitanyamula katundu kumanja ndi kumanzere, anthu n'kumakuwa pa wailesi yakanema. Kwathu kuno zimenezo timangoti kukatunga madzi.

Koma ulemerero weniweni wa chigubu uli pa nkhani ya chimimba. Kale chimimba chinali satifiketi yosonyeza kuti munthu walembedwa ntchito ya pa mpando wozungulira. Masiku ano zinasintha. Kuyambira 2007 a Partners In Health, amene kuno timawadziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, akhala akugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo pa chipatala cha pa boma ndi cha Lisungwi anthu amapimidwa BP ndi shuga. Bwana wa chimimba akakwera pa sikelo, adokotala amamuuza mwaulemu kuti thupi lichepeko. Bwana amabwerera kunyumba atakwiya, nalamula kuti nsima ya usiku ithe. Pakatha miyezi iwiri sikelo yatsikadi, iye n'kumauza aliyense.

Chimene sakudziwa n'chakuti sikelo simasankha. Munthu akamaonda chifukwa chochepetsa kudya kokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene zachoka si mafuta ayi, ndipo mbali yaikulu ya gawo limenelo ndi minofu. Thupi likaona kuti chakudya chachepa, limayamba kuchotsa antchito amene akungodya osagwira ntchito, monga amachitira eni minda ya fodya mitengo ikagwa, ndipo mnofu wa munthu amene chinthu cholemera chimene amanyamula ndi makiyi a galimoto umakhala woyamba pa mndandanda. Bwana uja amatsala ndi mikono yolobodoka, matako ophwa, kamimba kakadali pompo. Kuwonjezera apo, munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa yokha, magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse. Ndipo minofu ndiyo imatenga shuga wambiri m'magazi tikatha kudya. Wataya zimene zikanamuthandiza pa matenda omwewo amene akuthawa.

Apa ndi pamene a Chigubu amalowerera. Ntchito yawo si kusungunula mafuta. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndipo amenewo amatha ndi zimene zikuchitika m'mbale. Ntchito ya a Chigubu ndi kuchitira umboni. Ukawanyamula kuchoka pansi, ukawakumbatira pachifuwa n'kunjuta ndi kudzuka, ukayenda nawo awiri kukwera kamtunda, amauza thupi kuti: mnofu uwu ukugwira ntchito, usauchotse, kadye mafuta. A World Health Organization anati mu 2020 munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Sananene kuti achitire mu jimu ya magalasi ku Blantyre.

Agiriki amasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wogwetsana, amene akuti ankanyamula mwana wa ng'ombe tsiku ndi tsiku mpaka ng'ombeyo itakula, mphamvu zake n'kumakulira limodzi. Nzeru yake ndi yoona: katundu azionjezeka pang'onopang'ono. Koma ng'ombe imafuna msipu, imaponda, ndipo akuba amaifuna. Chigubu chimangofuna kapu. Sabata ino malita 8, ya mawa 9. Chikakhala chosadzadza madzi amakhavuka m'katimo, n'kumakukankhira uku ndi uku, kuti minofu ya m'chiuno ndi pamimba isagone. Azungu amagula matumba apadera a madzi kuti apeze mavuto omwewa.

Adani a chigubu alipo, sindikana. Amati chogwirira chake chimacheka zala. Amati chitsekerero chimasowa tsiku loyamba, n'kutsala chitsononkho chokulunga m'kapulasitiki, madzi n'kumatsikira m'khosi mpaka kumsana. Amati m'kati mumamera ndere zimene dzanja silingafikeko, mpaka uthiremo mchenga n'kukhutchumula. Zonsezi ndi maphunziro. Kukhutchumulako ndi kwa mapewa. A MERA nawonso, mafuta a galimoto akasowa, amaletsa zigubu pa malo omwetsera mafuta, ndipo ine ndimaona kuti ndi ulemu waukulu: ndi ziwiya zingati za m'khitchini zimene boma linazitulutsira chikalata?

Chimene ndimachigomera kwambiri ndi kusakondera kwake. Akatswiri amati wofuna kusunga minofu pochepetsa thupi azidya mapuloteni okwana magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, azigona mokwanira, ndiponso azipumitsa mnofu tsiku limodzi kapena awiri asanaupatsenso ntchito. Kwa bambo wa makilogalamu 80, amenewo ndi magalamu 128 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi 6. Werengani nokha, kenako mukafunse mtengo wa mazira pa golosale. Mwamwayi usipa, soya, nandolo, nyemba ndi mtedza zimathandizana, koma nazonso zambiri zimakwera malole kupita kutauni. Chigubu sichifunsa zonsezi. Sichifunsa ngati wadya dzira kapena nsima ya chigwada. Sichidziwa Lamlungu, sichidziwa pakati pa miyezi isanu ndi itatu, sichidziwa kuti mjigo wapafupi unafa ndipo ulendo wa lero ndi wa ku Wamkulumadzi. Chimapereka mankhwala ochotsa mafuta kwa amayi amene alibe mafuta oti achotse, mowolowa manja, kangapo pa tsiku, mpaka khosi ndi msana zitayamba kuyankhula. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Sanatchulepo za chigubu, ndipo mutu umodzi ukusenzabe.

Pamenepo bwana wathu, amene thupi lake likulirira katundu ameneyu, amamva chigubu chikutulidwa kuseri kwa nyumba yake m'mawa uliwonse, atachinyamula mtsikana wantchito wa makilogalamu 45. Iye ali m'kati, akumwa madzi ofunda a mandimu, chifukwa wina pa WhatsApp anati amasungunula mimba. Sasungunula. Ngakhale kudzipinda pamphasa ka 100 sikuchotsa mafuta a pamimba pokha. Thupi limachotsa kumene lafuna.

Tsono popeza msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza tauyembekezera kuyambira boma lino lisanapatuke ku Mwanza mu 2003, ndipo jimu yeniyeni mwina ikudikira phula lomwelo, ndikupempha kuti a Chigubu apatsidwe mpando pa misonkhano yonse ya chitukuko. Timabotolo ta madzi ta theka la lita tichoke pa matebulo. Mlendo wolemekezeka ndi onse a pa tebulo lapamwamba azikatunga okha ku mjigo wapafupi, zigubu ziwiri munthu aliyense, pemphero lotsegulira lisanachitike. Alawansi azilandira akatula. Ndikulosera kuti pomatha chaka BP itsika, malamba abwerera pa bowo lachitatu, ndipo mijigo yonse yakufa, kuyambira kwa Symon mpaka kwa Chekucheku, ipezeka kuti ndalama zokonzera zinalipo.