Nyali Yoimirira ya ku Milan, Yosulidwa ku Ndirande

Pali nthenda ina imene imagwira mwamuna akapitirira zaka 40, imene madokotala sadaipezerebe dzina: munthu amadzuka m'mawa wina, n'kuyang'ana pabalaza pamene wakhala akumwera tiyi mwamtendere zaka zonsezi, n'kuona kuti m'pachikale. Ine nthendayi adandipatsira ndi mlamu wanga wa ku Joni, amene amagwira ntchito m'nyumba ya munthu wina wachuma kumeneko. Pakuti akulu adanena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ngakhale sadatichenjeze kuti kalumoko nthawi zina kamameta mwini nyumba mpala wopanda madzi.

Atakhala pampando kwathu ku Machinjiri, mlamuyo adamwaza maso pa kabati yagalasi yodzaza makapu amene sitimwera, pa tinsalu toluka ta pamipando, pa maluwa apulasitiki ndi pa makalendala atatu a zaka zosiyanasiyana, ndipo atapumira m'mwamba adati, "Alamu, anthu otsogola adaleka kale kuunjika zinthu chonchi." Pamenepo adandionetsa chithunzi pafoni: chipinda chachikulu choyera mbee, mpando umodzi, tebulo limodzi, ndi nyali yaitali yoimirira pansi, yopinda msana mwaulemu pamwamba pa tebulolo.

Popeza safunsa adadya phula, ndidagula bandulo n'kuyamba kufufuza. Ndidapeza kuti nzeru imeneyi idakulira ku Germany, kumene katswiri wa zomangamanga, Walter Gropius, adatsegula sukulu yotchedwa Bauhaus mumzinda wa Weimar m'chaka cha 1919, sukulu imene idasamukira ku Dessau mu 1925 ndipo idatsekedwa mu 1933 chifukwa cha chitsenderezo cha chipani cha Nazi. Chiphunzitso chawo chidali chakuti chinthu chilichonse, kaya ndi nyumba, mpando kapena ketulo, chizioneka monga mwa ntchito yake, popanda maluwa ozokota ngakhale zokometsera zina zongosangalatsa maso. Nditawerenga zimenezi mtima wanga udakondwera kwakukulu, pakuti ndidazindikira kuti masiku a umbeta wanga ku Zingwangwa, pamene chuma changa chonse chidali mphasa, poto mmodzi ndi msomali wokolekapo jekete, ndidali munthu wotsogola kuposa onse m'dera lathu, kungoti padalibe wondiuza. Ine ndinkayesa umphawi.

Ndidalengeza tsono kuti kabati ichoke. Mayi a kunyumba, amene ali ndi mphatso yolankhula motsitsa mawu pamene akwiya kwambiri, adati, "Bambo, kabatiyi ndidagula ndi ndalama za banki m'khonde, ndipo Gropius wanuyo sadasonkheko." Tidagwirizana kuti ilowe kuchipinda, kumene idatseka zenera. Pofika Loweruka pabalaza padali mbee ngati pachithunzi paja, ndipo madzulo ake anansi adayamba kubwera mmodzimmodzi, nkhope zili zachisoni, kudzatipepesa, poganiza kuti wakatapila watilanda katundu. Mayi wina wa kumpingo adabwera ndi ufa m'kambale. Tidaulandira, pakuti kukana mphatso ndi mwano.

Chidatsala ndi nyali. Nyali ya pachithunzi ija dzina lake ndi Arco, ndipo adaikonza mu 1962 abale awiri a ku Milan, Achille ndi Pier Giacomo Castiglioni, kukonzera kampani ya Flos. Nzeru yake adaitenga ku magetsi a mumsewu: adafuna kuti kuwala kugwe pakati pa tebulo popanda kuboola kudenga, chotero adaimika chitsulo chopindika chotambasuka pafupifupi mamita awiri, ndipo kuti chisagwe adachizika m'mwala wosalala wa ku Carrara wolemera makilogalamu 65. M'mwalawo adaboola dzenje lakuti anthu awiri alowetsemo mtengo wa tsache n'kunyamula, m'mbali mwake adasema kuti musatemetse mwendo, ndipo chisoti cha babu adachiboola timabowo totulutsira kutentha. Ndiyenera kuvomereza kuti abalewo adali amisiri enieni, pakuti palibe kanthu pa nyaliyo kopanda ntchito. Koma nditaona mtengo wake ndidazimitsa foni n'kupempha madzi akumwa.

Mmphawi salira nthawi yaitali mumzinda umene muli Ndirande. Ndidapita kwa wowotcherera zitsulo wina kufupi ndi msika, pakati pa mageti, mabedi ndi mbaula zoyembekezera eni ake, ndipo iye atakweza magalasi ake akuda pamphumi, adayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali.

"Achikulire, imeneyi ndi nyali kapena ngowe yothyolera mango?"

"Ndi nyali ya ku Italy, amisiri."

"Ku Italy kulibe mawaya akudenga?"

Ndidamufotokozera za Bauhaus, iye n'kumagwedeza mutu mwachifundo, kenaka adandiuza kuti ndisiye theka la ndalama. M'malo mwa chitsulo chonyezimira adapinda paipi yamadzi pa thayala lakale. M'malo mwa mwala wa ku Carrara adatenga limu ya minibasi n'kuithira simenti. Chisoti adapanga ndi kabeseni kachitsulo kamene adakaboolaboola ndi msomali wa mainchesi sikisi. Dzenje lonyamulira sadaiwale, koma popeza tsache lathu la kuno n'lalifupi ndipo lilibe mtengo, adalikuza kuti mulowe munsi. Pomaliza adafuna kuwotcherera timaluwa tachitsulo m'mbali, monga achitira pa mageti, nati ndi basela. Ndidamuletsa mwamphamvu, ndipo adaoneka wokhumudwa kuti munthu wamkulu angakane chinthu chaulere.

Kondakitala wa minibasi adati nyaliyo ilipire mipando itatu, chotero idafika kwathu pa kapikapu kahayala, ana a m'mudzi akuthamangira pambuyo.

Apa mpamene ndidaphunzira chimene chithunzi sichinena, ndicho kukula kwa chipinda. Abale a ku Milan aja adayesa nyali yawo m'zipinda zimene munthu angayendemo mpaka kutopa, pamene pabalaza pathu munthu akatambasula miyendo amakhala watuluka kale panja. Titaika tsinde lake pakona, mutu wake udadumpha tebulo, udadumpha mpando, n'kukalendewera pakhomo penipeni, pa msinkhu wa mphumi ya munthu wamkulu. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa m'nyumba mwanga amawerama, ndipo sindibisa kuti poyamba zidandikomera, pakuti ngakhale eni nyumba, pobwera kudzatenga lendi, adalowa modzichepetsa koyamba m'mbiri ya dziko lino. Apongozi anga aamuna okha ndiwo sadawerame. Kabeseni kadalira mpaka kwa aneba, ndipo nkhani imeneyo idakambidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Usiku woyatsa koyamba ndidaitana anansi, ndidagula mayunitsi owonjezera, ndipo ndidakonza mawu ochepa olankhula. Koma chidali chaka cha 2022, chimene namondwe Ana adawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Ndipo pamene ndidati, "Abale, taonani," n'kudina switchi, mdima wa ku Ejipito udagwa pa Machinjiri yense. Ndidaima pamenepo pamodzi ndi anamwali opusa aja amene adatenga nyali n'kuiwala mafuta, kufikira mayi a kunyumba, amene nthawi zonse amakhala m'gulu la ochenjera, adatuluka kukhitchini ndi koloboyi woyaka, namukoleka ndi kawaya ku mutu wa nyali yanga. Alendo adaomba m'manja, ndipo mmodzi adati sadaonepo chokolekera koloboyi chokongola chotere.

Ndidakhala ndikumuyang'ana koloboyiyo alendo atapita. Kachitini kosungira palafini, kachivindikiro, kapaipi kopyapyala, ndi kansanza kopota koyamwa mafuta, zatha pamenepo. Palibe duwa, palibe utoto, palibe kanthu kamene mungachotse iye n'kuyakabe, ndipo mwana wa zaka zisanu amamunyamula ndi dzanja limodzi popanda munsi. Ngati chiphunzitso cha Bauhaus chili choona, okhoma zitini a ku Ndirande adamaliza maphunzirowo kalekale osaponda ku Weimar, ndipo cholakwa chawo n'chimodzi chokha, kuti amagulitsa motchipa, pakuti munthu salemekeza nzeru imene angaigule ndi chenji cha tomato. Utsi wake wokha ndiwo ndilibe nawo mawu otetezera: m'mawa mphuno zonse za m'banja zimachitira umboni.

Magetsi adayamba kukhazikika, koma nyaliyo idali itapeza kale maudindo ena. Nyengo yamvula imayanika mayunifolomu a ana. Alendo akagona pabalaza imagwira neti ya udzudzu. Mwana wathu wotsiriza adayesa kuchitapo katungwe, ndipo pamenepo simenti ya mmisiri uja idadzionetsa kuti ndi yokhulupirika. Kabati idabwerera pamalo pake mwakachetechete ine ndili kuntchito, ndipo sabata yathayi ndapeza kansalu koluka katayalidwa pa limu ya minibasi, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki. Mlamu wanga akaimba foni kufunsa za nyali, ndimamuuza kuti netiweki ikuvuta.

Tsono inu owerenga amene muli ndi balaza lalikulu, kaya ku Namiwawa kaya ku Nyambadwe, nyaliyi ikugulitsidwa, ndipo mtengo wake tikambirana mwaubale. Mubwere ndi anyamata awiri amphamvu ndi munsi wanuwanu, chifukwa wathu mayi akana kubwereketsa. Ndipo polowa pakhomo muwerame.