Ulemu kwa Bushi wa Tayala

Kuno ku Mangochi timatama chambo, timatama mlatho wa Bakili Muluzi, koma sindinamvepo mfumu kapena phungu akuthokoza Bushi wa Tayala. Kusayamika kwake! Chikhalirecho mkuluyu ndiye wasenza ma Sienta opita ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira, ali kunsi kwa galimoto, akudya fumbi, osadandaula.

Amene anali pampandowu poyamba ndi bushi wa ku Japan, mwana wolemera wozolowera misewu yosalala. Analowa m'dziko muno monyada kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, koma atangolawa msewu wa Makanjira, kupitirira Malindi, anang'ambika. Galimoto inayamba gudugudu, chiwongolero n'kumakokera kutchire, matayala n'kumadyeka mbali imodzi. Mwini galimoto atamva mtengo wa bushi watsopano, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anangogwira pakamwa. Apo m'pamene makaniko wa pansi pa mtengo wa mango ananola mpeni, nasema mpulumutsi wathu kuchokera ku tayala lakutha la lole. Abale ake a tayala lomwelo anasanduka nkhwayira; iye yekha ndiye anakwezedwa pantchito.

Udindo wake ndi wa unkhoswe: kukhala pakati pa zitsulo ziwiri kuti zisalumane. Galimoto ya anthu 7 ikadzaza mpaka kubuti, matumba a usipa ali padenga, iye amangoti bwerani nazo.

Ansanje amati salimba, akuti ndi wouma mtima, sachedwa kuphwasuka. Nanga ana a makaniko adye chiyani? Bushi wokhala zaka zisanu ndi mdani wa chitukuko. Wathuyu amabweza kasitomala ku galaja mvula isanathe, ndipo ogulitsa matayala a kaunjika amamutchula m'mapemphero.

Tisaiwale mng'ono wake, Legeni wa Chubu, amene amakulunga tie rod end yogwedera kuti ioneke ngati yamoyo. Awiriwa achita zimene misonkhano ya azipembedzo imalephera. Potsika makhota a ku Chowe, dalaivala akapotoza chiwongolero matayala n'kuyamba aganiza kaye, shehe ndi m'busa amafuulira Mulungu limodzi, wina atakhala pamiyendo pa mnzake.