Fani Ikalira ku Mambwe

Mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo aliyense amasaka mphepo. Njovu imakupiza makutu, munthu amathawira pansi pa mtengo wa mango, koma kompyuta imadalira kafani ka mamilimita 80 kapena 120 kokhala m'bokosi lolandirira magetsi, lija anyamata okonza amati pawa sapulayi. Fumbi likadzazana ndipo mafuta a pakati pake akauma, kafaniko kamayamba kulira. Nazi zina zomwe kulirako kwautsa m'boma la Mambwe.

*

Ku Masumba, kufupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe, agogo ena adalowa m'sitolo yotayipira kuti awalembere kalata yopita kwa amfumu a Mnkhanya. Mtsikana wa m'sitolomo atangoyatsa kompyuta, fani idayamba ndi kung'ung'udza, kenako idakweza mawu mpaka tebulo kunjenjemera. Agogo adafumbata chikwama, nagwiritsa mpando ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga, uwauze aime nditsike. Ine ya ku Lusaka sindinalipire."

"Ayi agogo, ndi fani chabe iyi."

"Kaya fani kaya chiyani, mbuzi zanga sindinazitsekere."

*

Kalaliki wina ku Jumbe adaimbira foni wokonza makompyuta wa ku Chipata. Poti ulendo ndi wa makilomita ambiri, wokonzayo adangomulangiza kuti amatule kapepala komata kumbuyo kwa fani, adonthezepo kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera, namatenso. Kalaliki adaona kuti kwa atelala n'kutali, pomwe botolo la saladi lili pakhomo pomwepo. Ndipo poti kadontho kamodzi n'kuumira, adathira supuni yathunthu.

Patapita masabata awiri mafuta aja adanata, fani idayamba kuzungulira mokoka, nyerere zili pamzere kulowa m'kompyuta. Wokonza uja atafika adanunkhiza bokosilo.

"Bwana, munathira chiyani muno?"

"Saladi, koma wabwino, wa m'botolo."

"Ndiye tumani mwana akagule tomato ndi anyezi. Moto uli kale m'katimu."

*

Mnyamata wina atabwerako kokaphunzira zamakompyuta adalonjeza amalume ake kuti awasinthira fani yaphokoso. Magetsi atangothima madzulo, iye adati mpata ndi womwewu. Chomwe adachiiwala n'chakuti m'bokosi la pawa sapulayi muja muli timigolo totchedwa makapasita, tomwe timatha kusunga mphamvu yoposa mavoti 300 ngakhale pulagi itazulidwa. N'chifukwa chake pachivundikiro amalembapo chenjezo loti osadziwa asatsegule.

Sikuludiraiva itangokhudza, kudamveka kuti phaa! Mnyamata adapezeka ali pakhonde, patapata imodzi itatsala m'nyumba. Amalume adamuyang'ana modabwa.

"Mphwanga, mudzi wonse uli mumdima. Iwe magetsi wawapeza kuti?"

Mnyamata ali chete, akupemerera zala.

"Ngati atsalako, bwerera unditchajire foni."

*

Aphunzitsi aakulu a pasukulu ina cha kwa Msoro sadafune zowononga ndalama. Fani itawasokosa polemba zotsatira za mayeso, adatenga bolopeni nailowetsa pakati pa mapiko ake. Muofesi mudangoti zii. Adaitana achiwiri awo kuti adzaone nzeru. Tiyi asanathe m'kapu, fungo la waya wopserera lidadzaza chipinda, sikirini n'kuda bii.

Mawa lake wokonza adasolola bolopeni ija, itapindika ndi kutentha.

"Aphunzitsi, m'kalasi mwana wokhala chete ndiye wakhalidwe. Koma fani ikakhala chete mu Okutobala kuno, yambani kuuza abale."

"Nanga zotsatira za ana?"

"Zilipo, zili m'hadi diraivi. Amene walephera mayeso ndi pawa sapulayi yekha."

*

Amayi ena a fotokope ku Mfuwe adadandaula kuti kompyuta yawo ikuti tha-tha-tha. Wokonza atatsegula adapeza nalimata atamanga banja pafupi ndi fani, mchira wake ukukwapulidwa ndi mapiko. Adamutulutsa, napukuta fumbi, naika fani ina ya mavoti 12, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, atayang'anitsitsa kamuvi kosonyeza kolowera mphepo. Kenako adapereka bilu.

Amayi adaiwerenga, naibweza.

"Ya fani ndilipira. Koma iyi ya kuchotsa nalimata mupite nayo kwa a ZAWA, oyang'anira nyama zakutchire."

"Amayi, ZAWA idatha mu 2016, pano ndi dipatimenti ya boma. Komanso nalimata si njovu."

"Njovu ikadya chimanga timakanena komweko. Uyu wadya bizinesi yanga. Nyama ndi nyama."

*

Mzungu wina woyang'anira loji m'mbali mwa Luangwa sankagona chifukwa cha kompyuta ya muofesi yoyandikana ndi chipinda chake. Adaitanitsa fani ya Noctua, ya kampani ya ku Austria, yodziwika ndi kuzungulira mwakachetechete. Itaikidwa, adasendeza khutu pabokosi osamva kanthu, nagulira antchito onse zoziziritsa kukhosi.

Usiku womwewo adamva zonse zomwe fani yakale inkamubisira. Mvuu zinkaphofomola kumtsinje, fisi akuyankha kutsidya la paki, njovu ikuthyola nthambi kuseri kwa khitchini. Pakati pausiku adatuluka ndi tochi napeza mlonda.

"Amdala, palibe chomwe tingachite ndi phokoso limeneli?"

Mlonda adaunika kumtsinje, naona maso a mvuu ali waliwali pamadzi.

"Bwana, sikuludiraiva ndili nayo. Inu mukaigwire, ine ndimasule."