Njinga yofuna tepi ya telala

Ife amene tinakulira pa Humber ya agogo sitinamvepo zoti njinga imakhala ndi saizi. Inali imodzi banja lonse. Wamtali ankapalasa, wamfupi ankapalasa, ndipo mwana amene miyendo sinkafika ankalowetsa mwendo kunsi kwa mtanda n'kumapalasa chopendekeka mpaka kuchigayo.

Ndiye adokotala atanena kuti mimba yangayi yayamba kumafika pamalo ine mwini ndisanafike, ndinati basi, ndigula njinga. Koma ya kabaza ayi. Ndinali nditaonera pa TV mnyamata wa ku Eritrea uja, Biniam Girmay, amene mu 2024 anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana gawo la mpikisano wa Tour de France. Ndinkafuna yangati yakeyo: yopepuka, ya matayala opyapyala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa.

Nditalowa m'shopu ndinaloza yofiira. Mnyamata wogulitsa sanaiyang'ane n'komwe. Anayang'ana ine, kuchokera kumutu kutsika, n'kupumira kaye pamimba.

"Madala, imeneyo ndi 58. Inuyo ndinu a 52."

Ndinamuuza kuti asandikalambitse, zaka zimenezo sindinafike. Iye anati akunena masentimita a felemu, ndipo kuti njinga ikakula msinkhu palibe sipanala ingaichepetse. Kenako anandivulitsa nsapato. Apa mpamene ndinakumbukira kuti sokosi yakumanzere ili ndi windo.

Anandiimika chotsamira khoma, n'kundipatsa buku lachikuto cholimba kuti ndilipane pakati pa miyendo. "Kwezani, madala. Kwezanibe. Mpaka likhale pamene pamakhala chishalo." Ndinakweza mpaka pamene mwamuna wa ana ndi zidzukulu sayenera kukwezera buku pagulu. Amayi ena amene ankagulira mwana wawo kanjinga anatembenuzira mwanayo kukhoma.

Tepi inati 78, kuchokera pansi kufika pamsana pa bukulo. Mnyamatayo anatulutsa foni, n'kuchulukitsa nambalayo ndi 0.883, masamu amene anatchuka ndi Greg LeMond, katswiri wa ku America amene anapambana Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Yankho linali pafupifupi masentimita 69, kuyeza kuchokera pakati pomwe pamazungulira mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Ine masamu ndinasiyana nawo mwamtendere ku Fomu 2, ndiye sindinatsutse.

Ndinatsutsa nditakwera. Mapazi sankafika pansi. Mnyamata anati n'zoona, safunika kufika. Ukafuna kuima umatsetsereka kaye pachishalo. Anandiuza ndiike chidendene papedulo itatsika mpaka pansi, mwendo n'kuwongoka bwinobwino, ndiye anati zatheka. Chishalo chikatsika kwambiri bondo limawawa kutsogolo, chikakwera mopitirira chiuno chimagwedezekera uku ndi uku. Kunena chilungamo, mwanayo ntchito yake amaidziwa.

Imene sanaiphunzire ndi nkhani ya mimba. Nditawerama kuti ndigwire mahandulo kunsi kuja, ntchafu yakumanja inakwera n'kukumana ndi nsima ya masana. Yakumanzere nayonso inabwera kudzapereka moni. Mnyamatayo anakanda m'mutu, nachotsa kachitsulo kolumikiza mahandulo ku foloko, n'kuikapo kena kafupiko koloza m'mwamba. Anati tsopano ndakhala bwino. Ndinafunsa ngati Girmay amakhala chonchi. Anati pa dziko lapansi pali mitundu yambiri ya anthu.

Kunyumba mayi a ana anaizungulira njingayo mwakachetechete. Anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuibwezera pansi.

"Kaliya ili kuti?"

Ndinati njinga zimenezi sizikhala ndi kaliya.

"Ndiye thumba la chimanga lizikhala pati? Ine popita kutchalitchi ndizikhala pati? Mwapereka ndalama zonse zija kugula njinga yoti theka lake anachotsa?"

Ndinaona kuti nthawi yowaonetsa kabudula wopalasira njinga sinakwane. Kabudula ameneyu ndi wothina, kumatako anasokererako siponji, ndipo malamulo ake ndi oti m'kati suvaliramo kanthu, kuopa kunyuka. Mpaka lero ndimamuvalira m'kati mwa thalauza, n'kukavula thalauzalo nditadutsa nyumba ya apongozi.

Loweruka lina tayala linaphwa pamsewu wa ku Chileka. Ndinaikankha njingayo mpaka kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wamango. Pampu yake inakana, chifukwa mavavu a njinga zimenezi ndi opyapyala, a mtundu wa Presta, okhala ndi kanati kumutu kofunika kumasula kaye. Mkuluyo sanagonje. Anadula kachidutswa ka chubu chakale, n'kukulunga apa, n'kumanga apo, mpweya n'kulowa. Ine ndinapita kukagula madzi.

Pobwera ndinampeza akupukuta manja, nkhope ili mwee.

"Bwana, chigamba ndamata. Komanso ndaona kuti amene anakugulitsani njingayi sakufunirani zabwino. Chishalo anachisiya kumwamba, mukanadzagwa nacho. Ndakutsitsirani mpaka pansi. Imeneyo musalipire."

Ndinamuthokoza ndi manja awiri, n'kumuonjezera ya sopo.