Za Kugona M'malere: Kafukufuku wa Machila ndi Zofunda Zake Monga Waonekera ku Chitawira

Pakati pa zipangizo zimene okwera mapiri amanyamula m'zikwama zobereka kumsana, chimene chazunguza kwambiri mitu ya amuna a m'tauni ndi machila ogonamo, amene m'masitolo a kunja amalembedwa kuti hammock. Machilawa ndi nsalu ya nayiloni yotalika pafupifupi mamita 3, yokwinyidwa ku nsonga zonse ziwiri, imene imamangidwa pakati pa mitengo iwiri kuti munthu agone m'malere osakhudza dothi. Ndipo akatswiri amawayamikira chifukwa ndi opepuka, safuna malo osalazidwa monga imafunira tenti, komanso amamuchotsa munthu panjira ya madzi a mvula ndi ya zokwawa zimene zimayenda usiku popanda kuodira. Mlembi wa ndime ino, amene ndi nzika ya ku Chitawira ndipo amaliona phiri la Soche m'mawa uliwonse akamatsuka mkamwa, ngakhale kuti ubale wake ndi phirilo sunapitirirepo pa kuonana, wakhala akuifufuza nkhaniyi mozama pa lamya yake, makamaka pakati pa usiku pamene ana agona ndipo palibe womufunsa kumene bandulo yapita.

Machila si achilendo m'dziko muno. Kuyambira cha m'ma 1891, pamene dzikoli linakhala pansi pa Britain, kufikira magalimoto atachuluka, atsamunda, amishoni ndi eni minda ya khofi ndi tiyi ankayenda atagona m'nsalu yolimba yolendewera ku nsungwi, imene amuna ankaisenza pamapewa, anzawo akuthamanga pambali kudikira kulandirana, nyimbo ili pakamwa. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku amenewo wogona m'machila ankanyamulidwa, pamene lero mwini machila ndiye amawabereka yekha kukwera nawo phiri, atawagulanso ndi ndalama zake, zomwe kwa mlembiyu ndi umboni wakuti ufulu unabweradi mu 1964, kungoti unabwera ndi katundu wake.

Machila amafuna mitengo iwiri yamoyo, yokhwima, yotalikirana mamita 4 kapena 5, ndipo pa mfundo imeneyi m'pamene maphunziro a kunja amasemphana ndi mmene zinthu zilili ku Blantyre. Pa nyumba imene mlembiyu amachita lendi pali mtengo umodzi wa papaya, umene thunthu lake ndi lamphako ndipo umawerama ngakhale ndi chingwe choyanikapo majinzi onyowa, komanso mtengo wa mango umene mizu yake ili kwa aneba, kotero kuti kumangirirapo chilichonse kumafuna zokambirana za mayiko awiri. Mapiri a Soche ndi Ndirande, amene akuluakulu amawakumbukira ali ndi nkhalango, anametedwa kalekale ndi nkhwangwa za ofuna nkhuni ndi makala, makala omwewo amene mlembiyu amaphikira magetsi akazima, moti pa mlandu umenewu iye ndi mboni komanso woimbidwa mlandu. Ku Mulanje nako, pamwamba pa phiri pamene alendo amagona ndi pa udzu ndi miyala, mitengo yambiri ili m'zigwa; ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unatha ndi macheka, mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, choncho munthu wofika ndi zingwe kuti alendewere pa iwiri mwa imeneyi ayenera kukonzekera kulongosola zambiri kwa a zankhalango.

Mitengo ikapezeka, pomangirira pamafunika malamba otambalala masentimita 2.5 kapena kuposerapo, chifukwa chingwe chowonda chimadula khungwa, ndipo malambawo ayenera kupendekera pa madigiri 30 kuchokera pa mzere wopingasa. Akapendekera motero, lamba aliyense amakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa wogonayo. Koma munthu akakunga machila kuti aongoke, monga amachitira aliyense wowaona koyamba, mphamvuyo imakwera, moti pa madigiri 10 imayandikira katatu kulemera kwake. Kwa mlembi amene sikelo ya ku chipatala inamuonetsa nambala imene namwino anaiwerenga kawiri asanailembe m'kabuku, masamu amenewa si osewera nawo, ndipo ndiwo amaletsa kumangirira machila pa zipilala za pakhonde, poti chipilala cha njerwa chinamangidwa kuti chisenze denga kuchokera pamwamba, osati kukokedwa cha m'mbali, ndipo chikagwa chimagwera wogonayo, pambuyo pake n'kubwera eni nyumba. Kagonedwe nako kali ndi lamulo lake: wogona motsatira utali wa nsalu amapindika msana ndipo nsaluyo imamutsekera ngati chimanga m'makoko mwake, pamene wogona mopingasa pang'ono, mutu kumbali ina miyendo kumbali ina, amaongoka bwinobwino.

Komabe zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi nkhani ya kuzizira. Chofunda sichipanga kutentha. Ntchito yake ndi kusunga mpweya wosayendayenda pakati pa ulusi kapena nthenga zake, ndipo mpweya umenewo ndiwo umatchinga kutentha kwa thupi kuti kusathawe. Munthu akagonera chofunda, kulemera kwake kumafinya mpweya wonsewo n'kutsala kansalu kopyapyala kopanda ntchito, zimene pabedi sizidziwika chifukwa matiresi amalowa m'malo, koma m'machila kunsi kwa msana kulibe chilichonse kupatula mphepo imene imadutsa usiku wonse ikutenga kutentha n'kupita nako. N'chifukwa chake wogona m'machila amayamba kumva kuzizira kumsana ndi kumatako kutentha kukangotsika pa madigiri 20, ngakhale atafunda mabulangeti atatu pamwamba. Ndipo usiku wa mu Juni ku Chitawira umatsika pamenepo popanda kupempha chilolezo. Popeza mpweya umazizirirako ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndipo Blantyre ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono pamene malo ogona a pa Mulanje ali cha m'ma 2,000, sizodabwitsa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi mame amaundana pa udzu kumeneko.

Sayansi yonseyi, imene mlembiyu waithera mabandulo, mlonda aliyense wa pa sitolo ku Limbe kapena ku Ginnery Corner amaidziwa kale, poti asanaganize za jekete amayamba wafuna katoni yoyala pansi, ndipo akapeza ya firiji amailondera mwatcheru kuposa sitoloyo. Ikudziwikanso kwa amuna ochezera pa siwa m'nyengo yozizira, amene amagawika m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la olemekezeka okhala pa mipando ya pulasitiki pansi pa lona, atavala majekete awiri ndi chipewa cha ubweya, amene cha m'ma 3 koloko m'bandakucha amayamba kusinthasintha kakhalidwe, kenako n'kudzuka mmodzimmodzi kukatembenuzira kumbuyo kwawo ku moto uku akunamizira kuti akufuna kumva bwino nkhani ya mpira. Gulu lachiwiri ndi la mdala amene anafika mochedwa ndi thumba la feteleza lopanda kanthu ndi makatoni awiri kukhwapa, nayala kuseri kwa khoma kumene mphepo sikufika, n'kuliza mkonono mpaka azimayi atayamba kuteleka madzi a tiyi. Mpando wa pulasitiki, poti kunsi kwake kumadutsa mphepo, uli ndi matenda omwewo a machila, ndipo mlembiyu, pofuna kuteteza ulemu wa thalauza lake la suti, wakhala membala wokhulupirika wa gulu loyamba.

Akatswiri a kunja anapeza njira ziwiri zotchingira kuzizira kwa kunsi kwa machila. Yoyamba ndi chofunda cha kunsi, chimene amachitcha underquilt, chomwe chimakolowekedwa kunja kwa machila ndi zingwe zotamuka kuti chikumbatire msana wa wogonayo popanda kufinyika. Chikamangidwa mothina chimaphwatalala n'kutha ntchito, chikalekerera mpata ngakhale wolowa dzanja mphepo imadzera pomwepo. Yachiwiri ndi kamatiresi kopyapyala ka siponji yolimba yosamwa madzi, kamene kamayalidwa mkati, ndipo n'kotsika mtengo, koma kamaterereka munthu akatembenuka, sikafika m'mapewa, ndiponso kamasunga thukuta. Ubwino wake waukulu n'ngwakuti mitengo ikasowa kamayalidwa pansi, pamene chofunda cha kunsi chikafika pansi chimasanduka bulangeti wamba. M'kati mwa zofundazi mumaikidwa nthenga zofewa za atsekwe ndi abakha, kapena ulusi wochita kupanga wa poliyesitala. Nthenga ndi zopepuka ndipo zimatenga malo ochepa m'chikwama, koma zikanyowa zimamatana n'kusiya kufunditsa, ndipo dera lino ndi la chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique n'kukhala masiku angapo osachoka, kotero kuti ulusi wochita kupanga, ngakhale ndi wolemererapo, ndiwo woyenera kuno.

Chigamulo chimenechi chikugwirizana bwino ndi thumba la mlembi, poti zofunda za nthenga zimagulidwa ndi madola, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuwerengera mitengo yake kumachititsa thukuta lokwanira kufunditsa munthu usiku umodzi. Njira yotsala ndi kaunjika wa mumsika wa Limbe, kumene wodzuka m'mamawa tsiku lotsegula belo angapeze chikwama chogonamo chakufa zipi, chimene telala wa pakhonde angachisokere timakutu m'ngodya zinayi kuti chikolowekedwe kunsi kwa machila ndi malegeni omangira katundu pa njinga. Pamwamba pa zonsezi pamafunika lona wotchinga mvula ndi mphepo, ndiponso neti kwa wogona m'munsi mwa phiri kapena ku nyanja kumene udzudzu sudziwa tchuthi. Ndipo munthu akaphatikiza nsalu, malamba, chofunda cha kunsi, cha pamwamba, lona ndi neti, amapeza kuti katundu amene anamukopa chifukwa chopepuka walemera kufanana ndi tenti imene ankaithawa.

Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, silisekedwa pa nkhani ya chisanu, poti mu Julayi 2009 mlendo wachinyamata wa ku Brazil anamwalira ndi kuzizira atasokera pafupi ndi nsongayo. N'chifukwa chake okwera amatenga wowalondolera njira ku Likhubula, ndipo amagona m'nyumba zimene zinamangidwa pamwambapo, monga za ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, momwe muli malo osonkhapo moto ndi wosamalira nyumbayo. Anyamata onyamula katundu kumeneko, amene chaka ndi chaka pa mpikisano wawo amakwera ndi kutsika phirilo m'maola osakwana atatu, sanamvekepo akudandaula za kusowa kwa machila, ndipo munthu wa ku Chitawira wokana nyumba ya moto kuti akalendewere panja m'mwezi wa Julayi angawapatse nkhani yokamba mpaka Khirisimasi.

Zotsatira za kafukufukuyu zinaperekedwa ku komiti ya zachuma ya pakhomo, imene wapampando wake, mlembi wake ndi msungichuma wake ndi munthu mmodzi. Atamvetsera mofatsa za madigiri 30 ndi za mpweya wosayendayenda, mayi a kunyumba anafunsa kuti: "Bambo a ana, inu amene mumadandaula msana pabedi lamatiresi, mukufuna mukalipire minibasi mpaka ku Chitakale kuti mukagone mumtengo? Machila amene ine ndikuwadziwa ndi onyamulira odwala, ndipo mukapita ndi anuwo mudzabwerera pa enawo." Komitiyo inagamula kuti ulendo uyembekezere fizi ya ana, lendi ndi feteleza wa kumudzi, koma inavomereza kuti lona yekha agulidwe msanga, popeza mphasa yoyanikapo ufa inang'ambika, ndipo mlembiyu, monga katswiri wa pakhomo pa nkhani za mphepo, wapatsidwa udindo wokhala pambali pa lonayo Loweruka lililonse kuingitsa nkhuku za aneba.