Sitelingi Wafa pa Nsaru

Pa Nsaru filimu siikalamba ndi zaka. Imakhala yatsopano mpaka tsiku limene mwini vidiyo adzapeze ina. Ndiye musadabwe kuona bolodi lakuda loyedzamira mtengo pafupi ndi msika litalembedwa ndi choko, pamwamba pa ndandanda wa mpira wa ku England, kuti YATSOPANO YOOPSA, BLACK PANTHER 1 NDI 2, pamene ku America gawo loyamba linatuluka mu February 2018 ndipo lachiwiri, Wakanda Forever, mu November 2022. Filimu imayenda ulendo kuti ifike kuno. Imatsikira kaye mu Lilongwe kwa anyamata obena nyimbo, n'kulowa mu fulashi, n'kukwera minibasi, n'kudzamalizira pa kabaza. Pofika imakhala itatopa: nkhope zabiriwira, mawu akutuluka pakamwa patatsekedwa kale. Komabe ndi yatsopano.

M'holo mumakhala mwadongosolo ngakhale palibe amene anakhazikitsa lamulo. Ana pansi kutsogolo, makosi m'mwamba. Akabaza pakati, aliyense khutu lina lili panja pomwe wasiya njinga. Benchi yakumbuyo ndi ya akuluakulu, anthu amene sanabwere kudzaonera filimu ayi. Mukawafunsa, wina akutchajitsa foni, wina akudikira mlamu wake, wina akuthawa dzuwa ngakhale kunja kwada. Tsiku la Black Panther pabenchipo panali mphunzitsi wopuma, venda wogula soya, nduna ya nyakwawa ina ya cha ku Kabudula, ndi madala ena amene anakhalako ku Joni. Pakhomo, mwendo wina mkati wina kunja, panali amayi a mandasi ndi beseni lawo.

Mafilimu ambiri masiku ano amabwera otanthauziridwa kale m'Chichewa, koma iyi inafika yaiwisi. Mwini vidiyo anasankha mnyamata wina amene akuti anakhoza bwino Chingerezi pa JCE kuti aziima pambali pa sikirini n'kumamasulira. Anayamba bwino. Vuto linabwera anthu a ku Wakanda atasiya Chingerezi n'kuyamba chiyankhulo chokhala ndi timaphokoso ta lilime. Chimenecho ndi Chixhosa cha ku South Africa, chiyankhulo cha John Kani amene akusewera mfumu T'Chaka. Maso onse anatembenukira kwa madala a ku Joni. Iwo anatsokomola, nakonza chipewa, nati, “Akuti wamva njala.” Pa sikirini sitelingi, T'Challa, anali akulankhula ndi malemu bambo ake kudziko la mizimu. Palibe anatsutsa, poti munthu ukaonana ndi mizimu njala ikhoza kukupweteka ndithu.

Panalinso mwana wina wa m'ma Sitandade 7 amene anaionera kale pafoni ya achimwene ake. Mwana wotere sasowa m'holo iliyonse kuyambira pa Mpingu mpaka pa Nambuma. “Apa amuponya m'madzi.” “Uyu ndi m'bale wake, muona.” Anamuchenjeza. Atanenanso kuti “koma safa,” wakabaza wina anamunyamula m'khwapa n'kukamuika panja, chinsalu cha pakhomo n'kutsekedwa.

Mlandu weniweni unayamba pamathithi, pomwe T'Challa amavula malaya kuti alimbane ndi aliyense wofuna mpando wa bambo ake. Ana anakuwa, akabaza anaimirira. Nduna ija inangopukusa mutu.

“Aphunzitsi, tandiuzeni. Mnyamatayu ndi ndani wake wa mfumu yomwalirayo?”

“Ndi mwana wake weniweni.”

“Mwana? Nanga akulowa bwanji ufumu?”

Apa filimu inatsala yokha. Nduna inafotokoza, mokweza kuti ndi ana omwe amve, kuti mwana wa mfumu ndi wa kwa amake. Ufumu ndi wa mbumba, wolowa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amene amaloza munthu ndi amayi akuluakulu a banjalo atakhala pansi, osati zibakera pamadzi. Itafika nthawi ya Killmonger, uja wokulira ku Oakland wobwera ndi mphete ya agogo ake kudzalanda mpando, nduna inachita kuseka. Bambo ake a mnyamatayo, N'Jobu, anali mng'ono wake wa mfumu amene anakakwatira ku America. “Ameneyo anali mkamwini kumeneko. Mwanayo kwawo n'komweko. Akafunse malo kwa atsibweni ake.” Choncho onse awiri, amene akhala akuswana nthiti kwa ola lathunthu, analibe mbali. Funso limene linasowa yankho m'holo monse linali lakuti kodi mfumu T'Chaka inalibe mlongo.

Wakabaza wina wa ku Mchinji anayesa kunena kuti kwawo kwa Angoni mwana amalowa ufumu wa bambo ake popanda vuto. Anamuuza kuti akaonere kwawo. Mphunzitsi anaonjeza kuti ngakhale zili choncho njira ya ku Wakanda ili ndi ubwino wake, pakuti mlandu umatha tsiku lomwelo. Kwathu kuno ukanapita kwa a T/A, kuchoka apo kwa a DC, kenako wina n'kukatenga chiletso kukhoti, mudzi n'kukhala zaka ndi mafumu awiri, aliyense ndi chidindo chake ndi kaundula wake wa makuponi a feteleza. Apa ine ndinagwirizana ndi aphunzitsi, koma chamumtima, chifukwa ndunayo inali pafupi.

Chinanso chinaikwiyitsa ndunayo. T'Challa akavala chigoba chake cha nyalugwe wakuda, pang'ono pokha wachivula, nkhope poyera, akazi ali pomwepo. “Munthu wovala zotere n'kumavula pagulu?” Inayang'ana ana ali kutsogolo aja, n'kumeza mawu. “Sindinena zambiri. Muli ana muno.”

Za asilikali aakazi ometa mipala aja, otsogozedwa ndi Okoye, amuna a pabenchi sanayankhulepo kanthu. Amayi a mandasi okha ndiwo anaombera m'manja pamene mkaziyo anavula wigi n'kumuponyera mdani kumaso, nati mayi ameneyo abwere tsiku la msika adzawathandize kutolera ngongole kwa akabaza. Akabaza anayang'anitsitsa sikirini.

Kenako nkhani ya mwala. Chuma chonse cha Wakanda chagona pa vibranium, mwala umene anaubisa kwa azungu pomadzionetsa kudziko lonse ngati amphawi oweta ziweto. Luso limeneli silinadabwitse munthu pa Nsaru. Aliyense akumudziwa mlimi amene amachokera ku okushoni ku Kanengo ndalama za fodya zili m'sokosi, n'kufika pamudzi atavala malaya ong'ambika chifukwa wamva kuti kope la chipepeso likuyenda. Koma venda wa soya anaiona nkhaniyi mwakuya.

“Abale anga, mwala umenewu tili nawo. Si uwu wa ku Kasiyawu?”

Sananame kwenikweni. Ku Kasiya, dera loyandikana nalo lomweli, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti dothi lake lili ndi rutile wochuluka kuposa malo ena alionse odziwika padziko, pamodzi ndi graphite, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo masheya. Mphunzitsi anayesa kufotokoza kuti rutile amapangira titanium ndi utoto woyera wa penti, sapangira zovala zosalowa chipolopolo. Venda sanamve. Iye anali atafika kale pa mfundo yake, yakuti anthu a ku Wakanda ndi ochenjera chifukwa salola mlendo kuwayezera katundu wawo pa sikelo yake. Ananena zimenezi ndi ukali woona, munthu amene sikelo yake imadziwika msika wonse kuti thumba likakwerapo limaonda. Wina kumdima anafunsa kuti, “Nanga inu achimwene, mwalawo muzidzagula bwanji pa kilo?” Holo inaphulika. Venda anati foni yake yadzaza, koma sanatuluke.

Mphunzitsi, pofuna kubweza ulemu wa benchi, analoza mayi wina wachikulire wokhala m'bwalo la mfumu ya Wakanda, mkulu wa fuko la okumba migodi. Anati ameneyo ndi Connie Chiume, wobadwira ku South Africa koma bambo ake anali Mmalawi wa ku Usisya ku Nkhata Bay, ndipo anamwalira mu August 2024. Mwini vidiyo anakakamizidwa kubweza filimu m'mbuyo kuti anthu amuone bwino. Pomwepo achibale anayamba kutuluka. Madala a ku Joni anati ankadya kwawo. Wakabaza wina amene sanapitirirepo pa Kasungu anati nkhopeyo ndi ya azakhali ake enieni, onani mphuno.

Magetsi anazima gawo loyamba litangotha. Mwini vidiyo anayenda ndi chipewa kutolera ya mafuta a jenereta, ndipo anthu anapereka mosanyinyirika, poti sitelingi anali atauka kwa akufa, atabweza mpando, ndipo aliyense ankafuna kuona amene amumenye mu gawo lachiwiri.

Gawo lachiwiri linayamba ndi Shuri, mlongo wake wa T'Challa, akuthamangathamanga ndi mankhwala. Mphindi zochepa, mayi ake analowa ndi nkhope yogwa. Womasulira uja anayang'ana sikirini, nayang'ana anthu, nati motsitsa, “Akuti amfumu atisiya.”

Anthu anaseka kaye. Aliyense amene anakulira m'vidiyo amalidziwa lamulo: sitelingi safa. Rambo anavulala, anadzisoka yekha. Commando analowa pachilumba yekha, anatuluka ndi mwana wake. Van Damme amamenyedwa mpaka maso kutupa, koma nyimbo ikangosintha mumadziwa kuti mdani watha. Ngakhale T'Challa yemweyu anali atangoponyedwa kumene kuphompho n'kubwerako. Choncho anthu anadikira kuti bokosi litseguke. Bokosi linanyamulidwa, linakwera kumwamba, silinatseguke.

“Bwana, tibwezereni ndalama zathu.”

“Mwatiikira filimu yoyambira kumapeto!”

“Ya mafuta ija ndiye ibwere kaye!”

Mwini vidiyo anaimitsa filimu n'kuima kutsogolo kwa jenereta yake. Amene anapulumutsa zinthu ndi mphunzitsi. Anaimirira n'kunena kuti munthu amene ankasewera T'Challa, Chadwick Boseman, anamwaliradi mu August 2020 ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43, ndipo opanga filimu anakana kuika munthu wina m'malo mwake. Holo inakhala chete. Madala a ku Joni anavula chipewa. Kenako amayi a mandasi anafunsa funso limene linali pakamwa pa aliyense.

“Anamuchita ndani?”

Mphunzitsi anati ndi matenda basi. Koma analakwitsa poonjeza kuti gawo loyamba lija linapanga ndalama zoposa 1.3 biliyoni ya madola. Apo mlandu unatha. Mnyamata wa zaka 43, wathanzi lake, wodumpha magalimoto, ndalama zoterozo, n'kungodwala? Venda anati n'chifukwa chake iye sanamange ya malata.

Poti tsopano anali maliro enieni, anthu anakhala pansi kuti awaone bwino, ndipo sanakhutire nawo. Anamfedwa avala zoyera mbee, ena akuvina. Adzukulu sakuoneka. Palibe moto wa pasiwa, palibe mphika ngakhale umodzi, palibe woimirira kuwerenga kuti akuchipinda cha uje apereka zakuti. Dziko lolemera chonchi anthu n'kubalalika osadya? Amayi a mandasi anali ndi diso pena: chibwenzi cha malemu, Nakia uja, sanaoneke pamaliro. “Mayi ameneyo ali ndi chifukwa. Muona.”

Zotsatira zake anthu anazionera mwaulemu wa pamaliro. Mdani watsopano, Namor, wokhala pansi pa nyanja ndi timapiko m'mapazi, anangodzutsa nsanje mwa akabaza, amene anawerengetsera maulendo a pa Namitete amene munthu angapange pa tsiku ndi mapazi otero osagula tayala. Shuri atavala chigoba cha mchimwene wake, theka la holo linati mkazi sangakhale sitelingi, theka lina linakumbutsa kuti mafumu aakazi tili nawo ndipo dziko lomwe lino linalamulidwapo ndi mayi kuyambira 2012 mpaka 2014. Nduna inati zonsezo n'zachabe, chofunika n'chakuti mtsikanayo apeze banja, chifukwa mwini mpando weniweni ndi mwana amene adzabadwe mwa iye. Itaona M'Baku wa kumapiri akubwera pamathithi kudzafuna ufumu, inatola ndodo yake kuti izipita.

Maina atayamba kukwera pa sikirini, mwini vidiyo anatambasula dzanja kuti azimitse, mafuta asapite pachabe. Pomwepo mawu anamveka kuchokera pa kabowo ka kukhoma, pomwe njerwa inagwa chaka chatha.

“Musazimitse! Kuli mwana!”

Anali mwana wa Sitandade 7 uja. Anthu anabwerera m'mabenchi. Ndipo zoonadi, ku Haiti, m'mbali mwa nyanja, Nakia anatulukira atagwira dzanja kamnyamata, nati aka n'ka malemu.

Phokoso lake linamveka mpaka kumsika. “Ndinanena ine!” anakuwa amayi a mandasi, beseni lili m'mwamba. Za mwana wotulukira maliro atatha palibe pa Nsaru amene amafuna womasulira. Wina anafunsa ngati ankhoswe ankadziwa. Wina anati ayang'ane makutu ngati akufanana. Venda anati mayiyo wamva za mwala. Nduna inabweza ndodo pansi n'kugamula kuti mwanayo alandiridwe, apatsidwe nkhuku, koma za mpando aiwale, kwawo ndi kwa amake.

Wakabaza amene anamutulutsa mwana uja anapita yekha kukamutenga, namulowetsa atamunyamula paphewa, anthu akuomba m'manja. Pakhomo mwini vidiyo anawaimitsa. Anafunsa mwanayo kuti pa kabowopo wakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo atamva kuti kuyambira gawo loyamba, anatambasula chikhatho.

“Ya mafuta sunapereke iwe.”