Kagalu ka Maltese ndi Kakhalidwe Kake pa Boma la Mzimba

Maltese ndi mtundu wa timagalu toyera taubweya wautali tomwe tinachokera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo dzina lake anthu amaligwirizanitsa ndi chilumba cha Malta. Kalekale amayi olemera a ku Rome ankatinyamula m'manja, ndipo kunyamulidwako ndiyo ntchito yokhayo yomwe mtunduwu wagwira mokhulupirika mpaka lero. Kakakula kamalemera makilogalamu 3 kapena 4, msinkhu wake supitirira masentimita 25, ndipo kakasamalidwa kamakhala zaka 12 mpaka 15.

Ku Mzimba kagaluka kanadzera ku Joni (Johannesburg), njira yomwe amuna a m'bomali akhala akuiponda kuyambira nthawi ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Agogo ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi jekete. Zidzukulu zimatumiza malata, firiji ndi sofa, ndipo nyumba ikatha pamafunika chamoyo choyenera sofayo. Ku South Africa kagalu kalikonse koyera kaubweya amangokatcha Maltese poodle, ngakhale kuti poodle ndi mtundu wina. Motero tambiri ta pa boma n'tosakanikirana magazi, koma wonena zimenezi pamaso pa mwiniwake aiwale za tiyi pakhomopo.

Mwachibadwa kagaluka n'kokonda anthu, kochenjera ndiponso kolongolola. Kamauwa mlendo, nkhuku, tsache ngakhale mthunzi wake womwe. Pa nkhani ya chitetezo sikathandiza kwenikweni: kukamveka mgugu usiku, mlonda amayamba wabisa kagaluko asanaganize za TV, poti pa katundu wa m'nyumbamo ndiko kosavuta kunyamula. Akuluakulu ochokera ku Embangweni, Edingeni kapena Mabulabo, omwe anazolowera galu wothamangitsa kalulu ndi kupirikitsa anyani kumunda, amakayang'ana nthawi yaitali kenako n'kufunsa mwaulemu kuti, "Nanga kameneka kadzakula liti?" Akauzidwa kuti kanakula kale, amasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mvula.

Udindo wake pabanja ndi wapamwamba ndithu. Galu wakumudzi amagona paphulusa ndipo amapatsidwa dzina lojeda anansi, monga Alekeni kapena Zilikwanu. Maltese amatchedwa Princess kapena Fluffy, ndipo sathamangitsidwa ndi mawu oti "choka!" koma amapemphedwa m'Chingerezi. Mlendo wodziwa mwambo akapeza kagaluko pa sofa amakhala pa mpando wapulasitiki osang'ung'udza, ndipo akamaliza kufunsa za ana amafunsanso za iko. Foni ya WhatsApp ikalira kuchokera ku Johannesburg, mafunso amabwera motsatana bwino: kagalu kadya chiyani, mmisiri wafika pati, kenako amayi adzuka bwanji.

Chisamaliro chake chagona paubweya. Umafunika kupesedwa tsiku lililonse, apo ayi umapotana ngati thonje lonyowa ndipo pansi pake pamabisala utitiri ndi nkhupakupa. Fumbi la pa boma kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala limakasandutsa kofiirira tsiku limodzi lokha, ndipo kakalowa m'tchire mvula itangotha kamatuluka katavala chisoso thupi lonse. Misozi imadetsa ubweya wa m'munsi mwa maso, choncho pamafunika kupukutapo ndi kansalu konyowa. Ntchito yonseyi imagwera mwana wa achibale amene anabwera kudzaphunzira sukulu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kagaluka kamanjenjemera ndi chisanu cha ku Mzimba, ndipo ogulitsa kaunjika pa Jenda anaphunzira kusafunsa msinkhu wa mwana pamene mayi akusankha kajuzi kakang'ono kwambiri pamulu.

Pa zakudya, mafupa ankhuku ophika ndi oopsa chifukwa amathetheka n'kubaya m'matumbo, ndipo anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu aliyense. Mano ake amaola msanga akapanda kutsukidwa. Chakudya cha m'mapaketi chimagulidwa ndalama ikangolowa kuchokera ku Joni. Ikachedwa, Princess amadya nsima ya bonya kukhitchini chitseko chili chotseka.

Katemera wa chiwewe amayamba kagalu kakakwanitsa miyezi 3, ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. A zaziweto akalengeza tsiku lobaya, agalu akumudzi amabwera atamangidwa luzi pakhosi, akukokana ndi anyamata. Maltese amafika mochedwa pa njinga yamoto, atakulungidwa m'chitenje, ndipo mwiniwake amapita kutsogolo kwa mzere kukafunsa ngati palibe jakisoni wocheperako.